Samalani Mbewa!

Tinenenji ankafuna mzere wakewake wa nsawa. Sankafuna nsapato. Sankafuna chidole. Ankafuna mzere.

Tinenenji anali ndi zaka zisanu ndi zitatu. Ankakhala kwa Zingalume, m'boma la Chadiza. Ankakhala ndi Atate ndi Amayi. Anali ndi mlongo wake wamng'ono, dzina lake Petulo. Panalinso khanda, dzina lake Chipiliro.

"Atate, chaka chino mundipatse mzere wanga," anatero Tinenenji.

"Mbewu ikakwana, mzere womaliza ndi wako," anatero Atate.

Koma mbewu inali yochepa. Chaka chatha mvula inavuta. Nsawa sizinabereke bwino. Linatsala thumba limodzi lokha. Banja lonse linaswa nsawazo ndi manja. Zala zinapweteka. Koma palibe amene anadyako.

Zinali nsawa za chalimbana, zikuluzikulu, zofiira bwino. Ine ndayenda, ana inu. Ndadya nsawa ku Lusaka. Ndadya nsawa ku Kitwe. Ndadya nsawa kumalire, ku Nakonde. Koma nsawa za ku Chadiza zilibe zinzake!

Amayi ankakonda kunena mawu awa: "Mbewu sadya."

Ankanenanso kuti: "Mbewu imafuna madzi a m'nthaka. Sifuna madzi a m'thumba. Ikanyowa m'thumba, imavula malaya ake ofiira. Mbewu yovula malaya simera."

Thumba lija linkakhala kuchipinda kwa Atate ndi Amayi. Pakhomo la chipindacho panali nsalu yotchinga. Ana sankalowako. Mwana salowa kuchipinda kwa makolo popanda kutumidwa. Tinenenji ankadziwa zimenezi. Petulo nayenso ankadziwa.

"Kodi mbewu sidzanyowa kumeneko?" anafunsa Tinenenji tsiku lina.

Atate anaseka kwambiri. Analoza denga la malata.

"Denga ili ndinakhoma ndekha!" anatero. "Msomali uliwonse ndi wanga. Ngakhale mtsinje udutse pamwamba, dontho silingalowe."

Amayi anangopitiriza kupeta.

Tsiku lina m'mawa, Atate anamanga ng'ombe pangolo. Ankapita ku boma kukatenga feteleza wa chimanga.

Amayi anabereka Chipiliro kumbuyo. Ankapita naye ku sikelo, ku kiliniki. Kiliniki inali kutsidya la mtsinje.

"Tinenenji, uyang'anire mlongo wako," anatero Amayi. "Mango ali m'dengu. Thobwa lili mumtsuko. Kafoni kakale kaja kali patebulo. Ndikafuna kanthu, ndiimba."

"Chabwino, Amayi."

"Mvula ikabwera, mukhale m'nyumba."

"Chabwino, Amayi."

Atate anapita. Amayi anapita. Panyumba panatsala Tinenenji ndi Petulo.

Mitambo inayamba kuda. Mphepo inawomba. Masamba anauluka pabwalo. Nkhuku zinathawira pansi pa nkhokwe.

Tinenenji anachotsa zovala pachingwe. Anaika chidebe pansi pa denga kuti chitunge madzi. Kenako anakoka Petulo pamkono.

Dontho loyamba linagwa pamalata. Pha!

Lachiwiri linagwa. Pha!

Kenako mvula yonse inatsika kamodzi. Waaa!

Ine ndamva mvula m'malo ambiri. Ndamva mvula ya ku Ndola. Ndamva mvula ya ku Livingstone. Koma mvula ya kwa Zingalume pamalata ndi ina. Imalira ngati ng'oma za mudzi wonse. Munthu sumva ngakhale mawu ako omwe.

Chitseko chinali chotsegula. Madzi ankalowa ndi mphepo.

"Petulo, tseka!" anafuula Tinenenji.

Petulo anamva "seka."

"Ha ha ha!" anaseka Petulo.

"Ndati tseka!"

"Ha ha ha ha!" Petulo anaseka kwambiri. Anagwira pamimba.

Tinenenji anapita yekha. Anatseka chitseko. M'nyumba munachita mdima pang'ono.

"Asisi, njala!" anafuula Petulo.

Tinenenji anamva "nyale." Anatenga nyale ya sola. Anamupatsa Petulo.

Petulo anayang'ana nyale. Anayang'ana Tinenenji. Analoza pamimba.

"Ooo!" anatero Tinenenji. Anamupatsa bango. Onse anaseka.

Anakhala pamphasa. Anadya mango. Anamwa thobwa. Tinenenji anatulutsa timiyala take ta chiyato. Anaponya mwala m'mwamba. Anakoka timiyala. Anawakha. Petulo anaponya wake. Mwala unamugwera pamphuno.

Mvula sinaleke.

Kutsidya la mtsinje, Amayi anali pakhonde la kiliniki. Chipiliro anali atamukweza kale pa sikelo. Amayi ankafuna kubwerera. Koma mtsinje unali utadzaza. Palibe amene akanawoloka.

Pamenepo Amayi anakumbukira kanthu. M'mawa uja, posesa kuchipinda, anaona kuwala padenga. Kanali kabowo kakang'ono ngati nyenyezi. Msomali unali utazuka. Kabowoko kanali pamwamba penipeni pa thumba la mbewu. Amayi ankati alisunthe. Koma Chipiliro analira, ndipo anaiwala.

"Mayo, mbewu yanga!" anatero Amayi.

Anatulutsa foni yawo. Anaimba kunyumba.

Kafoni kanalira patebulo. Tinenenji anakatenga.

"Amayi?"

"Tinenenji! Denga likudontha kuchipinda! Lowani! Samalani mbewu!"

Amayi ananena zonsezi. Koma mvula inkalira pamalata. Bingu linagunda. Tinenenji sanamve za denga. Sanamve za chipinda. Anangomva mawu awiri.

"Samalani mbewa!"

"Mwati chiyani, Amayi?"

Kafoni kanazima. Moto unali utatha. Dzuwa loti kachajire kunalibe.

"Ati chiyani?" anafuula Petulo.

Tinenenji anaika pakamwa pake pakhutu la Petulo.

"Ati tisamale mbewa."

"Mbewa?"

"Mbewa."

Tinenenji anakanda m'mutu.

"Koma mbewa m'nyumba?" anatero. "M'nyumba mumakhala makoswe. Mbewa zimakhala kumunda."

"Amayi sanama," anatero Petulo.

"Ee, sanama. Ndiye kuti tichenjere nazo. Tizithamangitse."

Tinenenji anatenga tsache.

"Ayi, Asisi!" anatero Petulo. "Ati tizisamale. Ngati mmene timasamalira Chipiliro. Tizidyetse."

Petulo anatenga kachitini. Anaikamo gaga.

"Iwe, mbewa sadyetsa. Mbewa ndi ndiwo."

"Nanga nkhuku si ndiwo? Bwanji timaidyetsa?"

Tinenenji anatsitsa tsache.

"Tiyeni tizipeze kaye," anatero Petulo.

Nthawi yonseyi, kuchipinda dontho linkagwa. Tho! Linkagwera pathumba la mbewu. Tho! Ana sankalimva.

Anayamba kufuna mbewa. Tinenenji anali ndi tsache. Petulo anali ndi gaga ndi nyale.

Anayang'ana pansi pa tebulo. Kunalibe mbewa.

Anayang'ana kuseri kwa mtsuko. Kunalibe mbewa.

Anayang'ana kuseri kwa njinga. Kunali sokosi ya Petulo. Inasowa kalekale. Koma kunalibe mbewa.

Petulo anasuzumira m'jombo ya Atate. Munali maso awiri.

"Asisi! Ndayipeza!"

Tinenenji anakweza tsache. Petulo anapendeketsa jombo. Chinatuluka chinthu. Chinadumpha. Anali chule.

"Mbewa yakoyo ilibe mchira," anatero Tinenenji.

Anatsegula chitseko pang'ono. Chule anatuluka. Iye mvula ankaikonda.

Kuchipinda dontho linkagwabe. Tho! Tho! Tho!

Ana anatopa. Anakhalanso pamphasa. Petulo anajambula mbewa pansi ndi khala. Inali ndi makutu ngati a ng'ombe. Tinenenji anayang'ana pawindo. Bwalo lonse linali madzi. Chidebe chinali chitasefukira.

Anaganiza za mzere wake. Nthaka ikanyowa chonchi, kubzala kwayandikira. Mtima wake unakondwa.

Mwadzidzidzi Petulo anamutsina.

"Asisi, taonani!"

Pansi pa chitseko panatulukira kamphuno. Kenako timaso. Kenako kathupi konyowa. Kanali kambewa kenikeni, ka kumunda. Madzi anali atadzaza una wake. Kankanjenjemera.

"Amayi amadziwa zonse," ananong'ona Petulo.

Anakankha kachitini ka gaga pang'onopang'ono.

"Bwera, udye," anatero.

Tinenenji anakweza tsache.

"Choka!"

Kambewa sikanadye. Sikanachoke. Kanathamanga m'mbali mwa khoma. Kanadutsa pansi pa tebulo. Kanadutsa kuseri kwa njinga. Ana anali pambuyo pake.

Kenako kanalowa pansi pa nsalu yotchinga. Kanalowa kuchipinda kwa Atate ndi Amayi.

Ana anaima.

"Kalowa," anatero Petulo.

"Ndaona."

"Iko n'kololedwa?"

"Iko sikadziwa mwambo."

Anaima pamenepo. Palibe amene anakhudza nsalu.

Mvula inachepa pang'ono. Malata anatsitsa mawu. Pamenepo Tinenenji anamva kanthu kena.

Tho!

"Khala chete," anatero.

Tho! Tho!

Tinenenji anagwada. Anakweza nsalu pang'ono, m'munsi mokha. Petulo anawalitsa nyale.

Kambewa kanali kuseri kwa thumba. Koma Tinenenji sanayang'ane kambewa. Anayang'ana thumba. Pamwamba pake panali poda bii. Panali ponyowa. Anayang'ana kudenga. Dontho linalendewera. Linagwa. Tho!

Tinenenji anagwira pakamwa.

"Petulo! Amayi sanati mbewa!"

"Anati chiyani?"

"Anati mbewu! Samalani mbewu!"

Mbewu ikavula malaya, simera. Mbewu ikapanda kumera, munda palibe. Mzere wakenso palibe.

"Tilowe," anatero Tinenenji.

"Ndi kuchipinda," anatero Petulo.

"Ndikudziwa."

"Sitinatumidwe."

Tinenenji anaganiza. Anayang'ana kafoni kozima.

"Tatumidwa," anatero. "Amayi atituma mbewu. Mbewu ili muno."

Petulo sanakhutire. Anaomba m'manja katatu.

"Odi!" anatero.

Palibe anayankha.

Petulo anasintha mawu. Anawakulitsa ngati a Atate.

"Lowani, ana anga!"

Ana analowa. Sanayang'ane bedi. Sanayang'ane sutikesi. Anangoyang'ana thumba.

Tinenenji anagwira khutu limodzi la thumba. Petulo anagwira lina.

"Koka!"

Anakoka. Thumba silinasunthe.

"Kankha!"

Anakankha. Thumba silinasunthe. Petulo anaterereka. Anakhala pansi, phi!

Kunja mvula inayambiranso mwamphamvu. Dontho linasanduka kachingwe ka madzi.

"Thamanga, katenge beseni!" anafuula Tinenenji.

Ulendo uno Petulo anamva bwino. Anabwera ndi beseni. Tinenenji anamasula chingwe cha thumba. Mfundo inali yolimba. Analuma ndi mano. Inamasuka.

Analowetsa dzanja. Nsawa za pamwamba zinali zonyowa. Analowetsa dzanja pansi. Za pansi zinali zouma.

"Zikadali zouma!" anatero. "Gwira beseni pamwamba. Usagwedezeke."

Petulo anakwera pakampando. Anagwira beseni ndi manja awiri. Madzi anayamba kugwera m'beseni. Ngo! Ngo! Ngo!

Tinenenji anatenga mbale. Anachotsa nsawa zonyowa. Anaziika pazokha. Zina zinali zitakwinyika. Zina zinali zoyera mbuu.

"Izo zavula malaya," anatero Petulo.

"Gwira beseni, usayang'ane."

Kenako Tinenenji anatenga lichero. Anatapa nsawa zouma. Anathamanga nazo kubalaza. Anazikhuthula pamphasa. Anabwerera. Anatapanso. Anathamanganso.

"Asisi, manja anga atopa."

"Limba mtima."

Anatapa. Anathamanga. Anakhuthula.

"Asisi, beseni likulemera."

"Limba mtima, Petulo."

Anatapa. Anathamanga. Anakhuthula.

"Asisi, mphuno ikuyabwa!"

Tinenenji anaima. Anamukanda pamphuno. Kenako anatapanso.

Mulu wa pamphasa unakula. Thumba linayamba kufota. Linagwetsa mapewa ngati munthu wotopa.

"Tsika tsopano," anatero Tinenenji. "Tiyesenso."

Petulo anatsika. Anagwira khutu la thumba. Tinenenji anagwira lina.

"Koka!"

Thumba linasuntha. Khwee! Anakokanso. Khwee! Linadutsa pansi pa nsalu. Linafika kubalaza.

Tinenenji anabwerera. Anaika beseni pansi, pamene panali thumba. Madzi anagwera m'beseni. Sanagwerenso pambewu.

Pamene panali thumba panatsala kambewa. Kanalibe pobisala. Kanadzipinda pakona.

Tinenenji anayang'ana tsache. Sanalitenge.

Petulo anatenga dengu la mango. Linali lopanda kanthu. Anavundikira kambewa. Anakoka dengulo pang'onopang'ono mpaka kubalaza. Analowetsamo gaga.

Ana anatuluka kuchipinda. Tinenenji anakonza nsalu bwinobwino.

Ntchito inali isanathe. Tinenenji anayala nsawa pamphasa. Anaziyala ndi chikhatho kuti zipume. Anayamba kusankha. Ya malaya, kuno. Yovula malaya, m'mbale.

Petulo anathandiza.

"Ya malaya, kuno," anatero. "Yovula malaya, m'mbale."

Anatola imodzi yaikulu, yofiira. Anainunkhiza. Anayang'ana Tinenenji. Dzanja lake linakwera pang'onopang'ono.

"Petulo."

"Ndikungoyiona."

"Umaona ndi pakamwa?"

Petulo anapuma mozama. Anaibweza pamphasa.

"Mbewu sadya," anatero.

Anasankha ndi kusankha. Mbale inadzaza. Tinenenji anaiyang'ana. Sanakondwe nayo.

Masana atapita, mvula inaleka. Malata anakhala chete. Kunja nkhuku zinatuluka pansi pa nkhokwe. Zinakutumula mapiko.

Madzi a mumtsinje anatsika. Ana anamva mabelu a ng'ombe. Anathamangira pakhomo.

Ngolo inalowa pabwalo. Atate ankayendetsa. Amayi ndi Chipiliro anali pamwamba. Atate anali atawapeza pamtsinje.

Amayi sanadikire kuti ngolo iime bwino. Anatsika. Analowa m'nyumba ndi matope kumapazi.

"Mbewu yanga!"

Anaima. Anaona mphasa yodzaza nsawa. Anagwada. Analowetsa dzanja. Anatapa. Anakhuthula. Nsawa zinalira: wayawaya. Nsawa zouma zimalira choncho.

Amayi anakhala pansi. Anapumira m'mwamba.

"Munandimva," anatero.

"Sitinakumveni," anatero Tinenenji. "Tinamva mbewa."

"Mbewa?"

"Ee. Samalani mbewa."

"Ndipo tayisamala!" anatero Petulo. Anakweza dengu pang'ono. Kamphuno kanatulukira. Kanali ndi gaga.

Amayi anayang'ana kambewa. Anayang'ana ana. Anayamba kuseka. Anaseka mpaka misozi. Chipiliro anadzuka kumbuyo. Nayenso anaseka, osadziwa chifukwa.

Tinenenji anafotokoza zonse. Anafotokoza za kafoni. Anafotokoza za chule. Anafotokoza za dontho.

"Tinalowa kuchipinda, Amayi," anatero.

"Ndinakutumani ndine," anatero Amayi. "Mvula ndiyo inadya mawu anga."

"Ine ndinapempha odi," anatero Petulo.

"Anakuyankha ndani?"

"Ine."

Atate anali atalowa. Anamva zonse. Anagwedeza mutu.

"Amake Tine, dontho lake liti? Denga langa silidontha."

"Kaoneni beseni, atate ake a Tine."

Atate analowa kuchipinda. Anakhalako kanthawi. Anatuluka atanyamula beseni. Linali lodzaza madzi. Anayenda pang'onopang'ono kuti asatayike.

"Mvula ya lero inali ya mtundu wina," anatero Atate.

"Inabwera ndi msomali wake?" anafunsa Amayi.

Atate anatsokomola. Anakataya madzi kunja.

Atabwerera, ananyamula mbale ya nsawa zonyowa. Anaiyeza m'manja.

"Izi sizimera," anatero. "Mbale imodzi ndi mzere umodzi."

Tinenenji anayang'ana pansi. Ankadziwa kuwerenga mizere. Mbewu ikachepa, mzere womaliza ndiwo umasowa. Mzere womaliza unali wake.

Sanalire.

Atate anamuyang'ana. Anayang'ana mphasa. Anayang'ana denga. Kenako anagwada pafupi naye.

"Tinenenji, denga ili anakhoma ndani?"

"Inu, Atate."

"Msomali wozuka uja ndi wa yani?"

"Wanu, Atate."

"Ndiye mzere umene wanyowa ndi wa yani?"

Tinenenji anakweza maso.

"Ndi wanga," anatero Atate. "Wanga ndiwo uli m'mbale umu. Wako uli pamphasa. Ndipo sukhala womaliza. Ukhala woyamba, wa m'mbali mwa njira. Aliyense wodutsa auone."

Tinenenji anamwetulira. Mano onse anaoneka.

"Nanga mzere wa Atate tiutani?" anafunsa Petulo. Maso ake anali pambale.

"Umenewo tidya," anatero Amayi.

Amayi anasonkha moto kukhitchini. Anakazinga nsawa zovula malaya. Anawaza kamchere. Fungo linadzaza bwalo lonse.

Atate anakwera padenga ndi hamala. Anakhoma msomali wina. Anamata phula pabowo.

"Tsopano ngakhale mtsinje udutse pamwamba..." anayamba Atate.

"Tsikani mudye," anatero Amayi.

Anakhala onse pakhonde. Anadya nsawa zotentha. Petulo anadzaza masaya onse awiri.

"Mzere wa Atate ndi wokoma," anatero.

Atate anasuzumira m'dengu.

"Aka kachepa," anatero. "Sikakwana ndiwo."

"Si ndiwo," anatero Petulo. "Ndi mlendo."

"Mlendo wakoyo akagone kutali ndi munda wanga."

Petulo ndi Tinenenji ananyamula dengu. Anapita kuchulu, kuseri kwa khola. Pamwamba pa chulu panali pouma. Petulo anavundukula. Anaika nsawa imodzi yokazinga pansi.

"Iyi ndi yako," anatero.

Kambewa kanainunkhiza. Kanailuma. Kanathamanga nayo mu udzu.

Nthaka itapuma madzi, banja lonse linapita kumunda. Atate anapanga mizere. Amayi anagawa mbewu.

Tinenenji anaima pa mzere woyamba, m'mbali mwa njira. Anabaya dzenje. Anaponyamo nsawa ya malaya ofiira. Anakwirira ndi phazi. Anabayanso. Anaponyanso. Anakwiriranso.

Petulo ankayenda pambuyo pake. Ananyamula kachitini ka mbewu. Ankayenda modumphadumpha.

"Petulo, samala mbewu," anatero Tinenenji.

Kunalibe mvula. Kunalibe bingu. Koma Petulo anaika dzanja kukhutu.

"Mwati chiyani, Asisi?"

"Mbe-WU!" anafuula Tinenenji.

Atate anaseka. Amayi anaseka. Petulo anagwira kachitini ndi manja awiri. Sanagwetse ngakhale imodzi.